Nyimbo Yodzutsira Abambo

Wokondedwa mlongo wanga Mawaya,

Ndiyambe ndi kukufunsa moyo. Uli bwanji pa sitima yakoyo? Chifuwa chija chinasiya? Ndikhulupirira akukudyetsani mokwanira, chifukwa pa chithunzi chomaliza chija unali khosi lokhalokha.

Kuno ife tilipo. Mphwako, mwana wanga uja, wakula, nsapato zonse zamuthina. Alamu ako akadali pa lole yomwe ija. Ine ndikadali kusaluni, miyendo kutupa madzulo alionse monga mwa masiku onse. Za abambo ndi amayi ndiye zimene ndakhalira pansi kuti ndikulembere.

Foni yako ndaiimba mpaka chala kuwawa. Ku ofesi ya kampani yanu anandiuza kuti mukakhala pakati pa nyanja foni sizigwira, koma makalata amakusungirani padoko limene mukaime. Ndiye ndabwerera ku pepala ngati mtsikana wa sukulu. Uwerenge yonse, usachite zako zija zoyang'ana poyamba ndi pomaliza basi.

Kompyuta ya abambo yasiya kuyaka. Ndanena msanga kuti usavutike kufunafuna nkhani.

Mmene unaikonzera ukudziwa ndiwe, koma mmene inakhalira m'nyumba muja utachoka sudziwa. Ukukumbuka abambo asanapite kukachitidwa opareshoni ya pakhosi, dokotala atanena kuti akadzuka sadzayankhulanso, unawatsekera kuchipinda n'kupachika mabulangete pachitseko kuti phokoso lisalowe? Unkawajambula mawu tsiku lonse, iwo akudandaula kuti wawasandutsa wailesi. Ine ndinkakuseka. Lero ndikuvomereza kuti palibe chinthu chanzeru chimene unachitapo choposa chimenecho.

Ukudziwa kuti amayi sawerenga, ndiye pepala silikanathandiza pakati pa awiriwa. Kompyuta ija ndi imene inakhala pakamwa pa abambo. Amadina pamene unawalembera m'Chichewa, mawu awo enieni n'kutuluka: mwadzuka bwanji mayi, tiyi wazizira, watsegula zenera ndani. Amayi amayankha ngati palibe chimene chinasintha. Ankakangana mpaka kufika potukwana kompyutayo, abambo n'kumangodina "ndamva, ndamva, ndamva" mwadala, kenaka n'kudina kuseka kwao kuja kogwedeza makapu. Ine ndikafika pakhomo n'kumva phokoso limenelo mtima unkakhala pansi.

Vuto linali lija unatisiyira. Unati mkati muli kabatire kakang'ono ngati batani la jekete, kamene kamathandiza kompyuta kukumbukira njira yake yodzukira, ndipo kanatha mphamvu. Batire lalikulu nalo linafa kalekale. Choncho ikangozimitsidwa pakhoma imaiwala zonse, n'kumafuna kudzuka mwa njira yatsopano pamene iwe zinthu unaziika mwa njira yakale. Unati pamafunika kulowa pa tsamba labuluu lija umalitcha Bayosi, kukaikumbutsa. Unalonjeza kuti kabatireko udzasintha ukadzabwera.

Tsono amayi ukuwadziwa. Chiwotchere simbi katani lapabalaza, palibe chimene chimagona chili cholumikiza kukhoma. Ndiye kukumbutsa kuja kunali kwa m'mawa uliwonse.

Unaphunzitsa amayi chifukwa abambo anali akadali kuchipatala ndipo sitima yako inkanyamuka. Unandibera utoto wa zikhadabo n'kudontheza pa mabatani awiri, lina wofiira, lina wobiriwira, zotsalazo n'kuzipeka nyimbo. Chofiira, chofiira mpaka buluu. Kumanja, kumanja, tsika, gogoda. Tsika, gogoda. Chobiriwira, gogoda. Mpaka mphwako amaiimba posamba.

Chimene sunaone ndi mmene amayi anainyadira ntchito imeneyo. Ankasamba m'manja, kupukuta, kukhala tsonga patsogolo pa sikirini yodzaza ndi Chingerezi chimene sachimva n'kamodzi komwe, n'kumayimba chala chili m'mwamba. Ukawaimbira foni nthawi imeneyo amati, dula kaye, ndikudzutsa abambo ako. Amayi a nyumba yoyandikana ankachita kubwera kudzaonerera. Abambo sanafune n'komwe kuiphunzira nyimboyo. Anandilembera kuti imeneyo ndi ntchito ya akazi awo, iwo yawo ndi kuyankhula.

Tsopano ndifike kwa alamu ako, munthu wa mtima wabwino wopanda mabuleki.

Iwo ankamva chisoni kuona mayi wachikulire akuvutika ndi mabatani tsiku ndi tsiku. Tsiku lina ine nditaperekeza amayi kukayezetsa maso, anatenga kompyuta ija n'kupita nayo kwa wokonza mafoni amene ali ndi kabenchi mumpata wa pakati pa famase ndi sitolo ya nsapato. Wokonzayo anaika kabatire katsopano, nalowa pa tsamba labuluu lija n'kusankhiratu njira yakale kuti izidzuka yokha. Ntchito anaigwira bwino, pamenepo sindimuimba mlandu.

Alamu ako anaibweza pamalo pake, n'kunong'oneza abambo kuti asaulule, amayi adzadabwe m'mawa. Tangoganiza, kupempha munthu wopanda mawu kuti asunge chinsinsi! Iwo ankafuna kulawirira kuti akaone nkhope ya apongozi awo, koma abwana anawaitana mbandakucha kuti akatenge katundu kutali. Ine sanandiuze kanthu. Amati safunsa anadya phula, koma ulendo uno phulalo tadya tonse.

Zimene zinachitika m'mawa umenewo ndazilumikiza kuchokera kwa amayi ndi pa mapepala a abambo.

Abambo anali kubafa, akutsuka kabowo ka pakhosi paja. Amayi anasamba m'manja, anakhala pansi, nayamba nyimbo yawo. Kompyuta ikanadzuka yokha akanangoisiya, koma iwo akanadziwa bwanji? Analowa pa buluu. Popeza njira yakale inali yosankhidwa kale, "tsika, gogoda" wawo anaichotsa pamalo oyenera n'kuiika polakwika. Sikirini inada, panangotuluka timawu toyera pamwamba.

Amayi anaganiza kuti aphonya batani. Anachita zimene unawaphunzitsa, kuti akalakwitsa azimitse pakhoma, iiwala yokha, ayambirenso. Koma tsopano siiwalanso, Mawaya. Nthawi yonseyi chimene chinkatipulumutsa chinali kuiwala kwake, ndipo alamu ako anakachiritsa kuiwalako. Chilichonse chimene amayi ankadina n'kutsekera ndi chobiriwira, iyo inkasunga.

Abambo potuluka kubafa anawapeza ali mkati mwa nyimbo, akubwereza kachingati kaya. Anakupiza manja, amayi maso ali pa sikirini. Anawomba m'manja. Anamenya tebulo. Amayi osacheuka n'komwe anangoti, dikirani inu, ndikukudzutsani, changu n'chachiyani? Apo n'kuti mantha atawagwira, atasiya nyimbo, akungodina paliponse. Akuti panabwera kabokosi, anadina, anagogoda. Kanabweranso, anadinanso pomwepo, anagogoda.

Abambo anasowa chochita. Anawagwira padzanja n'kuwakoka mwamphamvu. Mpando unapendekeka, amayi anagwera m'mbali mwa kabati, kapu ya tiyi inasweka.

Iwe ndi ine tinakulira m'nyumba imeneyo. Abambo anali aphokoso, koma unawaonapo atakwezera amayi dzanja? Ine sindinaonepo. Amayi nawonso akuti chikwatirane sizinachitikepo.

Panopa ukayatsa, pamabwera kabokosi kotuwa kokhala ndi chithunzi cha loko, kofuna mawu achinsinsi. Amayi anaikhoma osadziwa, ndipo sakumbuka chimene anadina. Ine ndinayesa kulota, kudina mabatani apafupi ndi pamene chala chawo chimakhala. Ukalakwitsa kangapo imangozima yokha. Ndinasiya poopa kuti ndingaonjezere moto.

Ndinainyamula ndekha kubwerera nayo kwa wokonza uja. Ndinapita ndi mkwiyo, koma ndinapeza munthu wachilungamo. Anachotsa kabatire katsopano kaja n'kuisiya tsiku lonse kuti mwina iiwala, koma akuti loko ameneyu amasungidwa pena, kumene batire silifika. Anatulutsa disiki n'kuiika m'kompyuta yake, nayonso inakana kutseguka. Anandifunsa kuti, chemwali, amene anakonza izi ndi ndani, chifukwa anakonza mwa njira yakeyake. Ndinati ndi mlongo wanga, ali pakati pa nyanja.

Anapukusa mutu n'kunena kuti apa khoswe wakhala pa mkhate. Akuti akhoza kuika disiki ina, kapena kuyesa kufufuta zonse, ndipo mwina angapeze njira yoti kompyuta iyakenso, koma mawu a abambo sadzakhalamo. Anati iye akanakhala ine sakanalola aliyense kuigwira mpaka mwini wake atayankha. Ndinamuuza kuti akadzangoyerekeza kufufuta ndidzamumeta mpala ndi lumo lobuntha. Anaseka, ine sindinaseke. Panopa kompyutayo ili kunyumba kwanga, ndaikulunga m'thawulo pamwamba pa wadirobu.

Alamu ako atabwerako n'kumva, anakhala pansi pakhonde mutu uli m'manja. Anapita kukapepesa, anafotokoza zonse, kuti wolakwa ndi iwo. Amayi anawamvetsera mwaulemu n'kunena kuti, ayi bambo, inu munakonza, woononga ndine. Chakudya sakudya bwino masiku ano alamu akowo. Ndimawamvera chisoni, koma ndikawayang'ana mtima umawira, ndipo sindibisa.

Nawenso ndakukwiyira, udziwe. Kabatire kamene wokonza anasintha tiyi asanazizire, iwe unakasiya kuti udzasintha ukadzabwera. Unati kontirakiti yako ndi yaifupi. Unatisiya ndi nyimbo basi, osatiuza kuti tsiku limene kabatireko kadzasinthidwe nyimboyo idzakhale yoletsedwa. Ndikudziwa sunalote zimenezi, tsoka silinunkha. Komabe ndakwiya, ndipo ulibe pothawira chifukwa kalata siyankhidwa pakamwa.

M'nyumba muja muli zii. Sindinadziwe kuti nyumba ya anthu awiri amoyo ingakhale chete chotero. Ndikaweruka kusaluni ndimadzera konko kuti ndikawerengere amayi zimene abambo alemba tsiku lonse. Ndimapeza timapepala taunjikana pa tebulo. Tiyi wazizira. Kunja kwayamba mvula, zovala. Mankhwala atsala pang'ono. Ndikamawerenga madzulo, tiyi uja anatayidwa kale ndipo zovala zinanyowa n'kuumanso. Ndimamva ngati ndikuwerenga nyuzipepala yakale.

Amayi anasamukira kuchipinda chako. Amaphika, amachapa, amawaikira abambo madzi osamba, zonse mwadongosolo, koma amawatumikira ngati mlendo. Akaika mbale amachoka. Padzanja panachita mkwingwirima wakuda, ndipo ankavala juzi ya manja aatali dzuwa likuswa mtengo kuti anthu asaone. Mkwingwirimawo unatha, juzi sanavule.

Abambo amayesa. Amawakodola, amawasunthira mpando, amamwetulira. Koma ukudziwa kuti chichitireni opareshoni mbali imodzi ya nkhope inauma, ndiye akamwetulira zimaoneka ngati akunyogodola. Amayi akaona amayang'ana pansi n'kupita kukhitchini.

Tsopano khala pansi ngati waimirira.

Chotupa cha pakhosi chija chabwerera. Sabata yatha tinapita kukaonana ndi dokotala. Atawayeza anandiitanira pambali mukhonde, n'kuyamba kuzungulirazungulira monga amachitira. Ndinamuuza kuti, adokotala, ine ndimagwira mitu ya anthu tsiku lonse, ndiuzeni mosapita m'mbali. Anati opareshoni ina siingatheke, ndipo ngati pali ana amene ali kutali, ndi bwino kuwadziwitsa tsopano. Sananene kuti ndi liti. Ine sindinafunse.

Abambo akudziwa. Potuluka anandiyang'ana n'kugwedeza mutu, ngati kuti iwo ndiye akunditonthoza. Amayi tinawauza, ndipo anangoti, ndinadziwa, munthu ukamutseka pakamwa matenda amatulukira pena. Ndinawauza kuti sizigwirizana n'komwe.

Dzulo ndi limene landilembetsa kalatayi.

Nditafika ndinapeza abambo avala malaya oyera, apesa, akundidikira pabalaza. Timapepala ta tiyi panalibe. Panali pepala limodzi lokha, lolembedwa zilembo zikuluzikulu. Anandilozera kuti ndiitane amayi. Anabwera, anaima pakhomo la kukhitchini thawulo lili m'manja.

Ndinawerenga pang'onopang'ono. Analemba kuti, mayi, simunalakwe. Ndinkafuna kukuimitsani, sindinkafuna kukupwetekani. Sindinakwiye tsiku limenelo ndipo sindinakwiye lero.

Amayi anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anandifunsa modekha kuti, tsono ine ndidziwa bwanji kuti zalembedwa pamenepo ndi zimenezo? Ndinati, amayi, ndingakunamizeni ine? Anati, eya, ana inu mumandinamiza mwachifundo, ndinakuberekani ndine, ndimakudziwani. Akuti mawuwo ndi okoma, koma atuluka pakamwa panga ndipo akumveka ngati ine. Akuti nkhope ya amuna awo tsiku lija anaiona okha, sanachite kuwerengeredwa.

Ndinati ndiitane amayi oyandikana nawo awerenge. Anati ndikawapangira panjira. Abambo ankagwedeza mutu mwamphamvu kuvomereza pepala lija, akudziguguda pachifuwa. Amayi anati, munthu wodwala amavomera zilizonse kuti m'nyumba mukhale mtendere. Anati, ine ndinawalanda mawu amuna anga, kachiwiri, ndi chala changa, ndiye musandipepese ngati mwana.

Apo abambo anaimirira. Anatsegula pakamwa, Mawaya. Anayesa kuyankhula. Milomo inkayenda, mitsempha ya m'khosi inatuluka, koma chimene chinamveka ndi mpweya wokha ukulira pa kabowo kaja. Anayesanso. Kenaka anakhala pansi, misozi ili chuchuchu pa malaya oyera aja. Ine chibadwire ndinali ndisanaone abambo akulira. Amayi anaphimba kumaso ndi thawulo n'kulowa kuchipinda chako, ine n'kutsala pakati ndi pepala m'manja ngati chitsiru.

Ndili ndi mantha. Sindikuopa imfa yokha ayi, imeneyo tonse tikudziwa kuti ikubwera. Ndikuopa kuti abambo apita amayi akukhulupirira kuti anapita atawakwiyira, ndipo palibe wa ife amene adzathe kuchotsa zimenezo m'mutu mwawo. Adzakhala nazo mpaka tsiku lawo.

Ndiye ndikukupempha, mlongo wanga, ndipo ukudziwa kuti ine kupempha sindinazolowere.

Kodi mawu aja unawasunga pena? Pa foni yako, pa fulashi, m'chikwama chimene unasiya kwa mnzako uja? Ngati alipo, ndiuze kumene ali, ndikathyola ngakhale chitseko. Ngati kulibe, ndilembere njira yotsegulira loko ameneyu. Ujambule zithunzi, ulembe mwa Chingerezi chako chonse, wokonza uja ndi wodekha ndipo wati atsatira chilichonse chimene unganene. Ukangoponda padoko imba foni usanamwe n'madzi omwe. Ndipo ukapite kwa akuluakulu a sitimayo, uwaonetse kalatayi ngati kuli kofunika, akupatse tchuthi. Ntchito udzaipeza ina.

Amayi atatseka chitseko ndinakhala ndi abambo kanthawi. Ndinawafunsa ngati pa mawu onse munajambula aja pali akuti pepani. Anapukuta m'maso, n'kulemba kuti palibe. Akuti iwe unawauza kuti ajambule, iwo anakana, amvekere zaka zonsezi sanawagwiritsepo ntchito, ayambira pa kompyuta? Polemba zimenezi anaseka pang'ono, kuseka kopanda mawu, ine ndinafuna kuwatsina.

Kenaka analemba kuti koma alipo ena. Akuti alipo akuti, mayi, tabwerani mukhale apa. Akuti mikangano yawo yonse, kuyambira tisanabadwe, inkathera pa mawu amenewo, ndipo amayi amawadziwa tanthauzo lake. Ine ndinayesa kuwanena pachitseko paja. Amayi anayankha mkati kuti, pita kwanu mwanangu, mwana akudikira.

Choncho ngati zonse zinatayika koma amenewo okha uli nawo, tumiza amenewo. Za tiyi ndi mazenera ndiziwerenga ndekha.

Mulungu akusunge pamadzipo, akupatse nyanja yabata ndi mabwana omva. Undiperekere moni kwa anzako onse ogwira nawo ntchito, makamaka wophika uja anandiyankha mwaulemu ulendo wina. Alamu ako akupereka moni, akuti akuchita manyazi kukulembera okha. Mphwako akuti usaiwale kuti phazi lake lakula. Abambo ndawauza kuti ndikulemba, agwira pepalali ndi dzanja lawo.

Amayi nawonso akupereka moni. Anati ndikuuze kuti kuno zonse zili bwino, ndipo anandigwira mkono kundipempha kuti za kompyuta ndisakuuze, kuopa kuti nawenso ungawakwiyire. Ukadzaimba, uyambe kuyankhula ndi iwowo.

Ndine mlongo wako wamkulu,
amene akudikira foni ili m'thumba la epuloni.